Manambala a poker amamveka pokhapokha mutadziwa mpando umene munthu wakhala

Kuno ku Mangochi makadi si achilendo. Amaseweredwa pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, ngakhale kugombe asodzi akamadikira kuti kude alowe m'madzi kukapha usipa. Koma masewera a poker, makamaka mtundu wotchedwa Texas Hold'em, afika posachedwa. Ena anawadziwira pa foni, ena kwa alendo ofika ku Cape Maclear, ena kwa abale obwera ku Joni. Amene akopeka nawo n'kuyamba kuonera akatswiri pa YouTube aona chinthu chimodzi chodabwitsa: pambali pa dzina la wosewera aliyense pamakhala kabokosi kodzaza manambala. Kabokosiko kamatchedwa HUD, ndipo kamachokera ku mapulogalamu monga PokerTracker, Hold'em Manager ndi Hand2Note, amene amasunga zonse zimene munthu wachita pa gemu iliyonse n'kuziwerengetsera pa 100.

Ambiri akaona manambalawa amawatenga ngati chiphaso cha khalidwe la munthu. Uyu ndi wamantha, uyu ndi wabodza, uyu sataya makadi. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene anthu amasokera. Nambala yomweyo ikhoza kutanthauza wosewera wochenjera kapena wosewera wotaya ndalama, malinga ndi mpando umene anakhala pamene nambalayo inkapangika, komanso malinga ndi kuchuluka kwa maulendo amene inawerengedwa.

Tiyambe ndi m'mene gemu imayendera, mwachidule, kuti tiyendere limodzi. Makadi alipo 52. Aliyense amalandira awiri obisika, ndipo anthu amabetcha. Kenako pakati pa tebulo amatembenuzapo makadi atatu a onse, amenewa ndiwo flop, ndipo amabetchanso. Khadi lachinayi ndi turn, lachisanu ndi river, ndipo pa lililonse pamakhala kubetcha. Ikafika nthawi yanu mukhoza kutaya makadi, kumene amati fold. Kuika ndalama zofanana ndi zimene mnzanu waika, kumene ndi call. Kuwonjezera pamwamba pake, kumene ndi raise. Kapena kungodutsa osaika kanthu ngati palibe amene wabetcha, kumene ndi check. Ndalama zonse zimaunjikana pakati, ndipo m'nkhani ino tizizitcha mulu. Wotenga mulu ndi amene watsala yekha anzake atataya, kapena amene ali ndi makadi abwino poonetsana kumapeto.

Pa tebulo la anthu 6, lomwe ndi lofala pa intaneti, mipando ili ndi mayina. Awiri amakakamizidwa kuika ndalama asanaone makadi: small blind amaika theka, big blind amaika yathunthu. Kumanzere kwa big blind kuli UTG, amene amayamba kulankhula flop isanatuluke. Kenako hijack, kenako cutoff, kenako button. Mipandoyi imasuntha gemu iliyonse, choncho aliyense amakhalapo pa uliwonse kamodzi pa magemu 6. Chofunika kwambiri n'chakuti flop ikangotuluka, dongosolo la kulankhula silisinthanso mpaka gemu itatha: small blind amayamba, big blind amatsatira, ndipo button amakhala womaliza nthawi zonse.

Kulankhula pomaliza ndi mwayi waukulu. Aliyense amene anagulapo nsomba pagombe bwato litangokocheza amaudziwa: wotchula mtengo poyamba amatchula mumdima, pamene wodikira wamva kale zimene anzake apereka, waona amene akukayika ndi amene akufunitsitsa, ndipo akhoza kuwonjezera pang'ono kapena kuchoka osataya kanthu. Wokhala pa button ali ngati wodikirayo pa flop, pa turn ndi pa river. Mnzake akadutsa, iye angathe kubetcha kapena kuona khadi lotsatira mwaulere. Mnzake akabetcha, iye amasankha akudziwa mtengo wake.

Chifukwa cha ichi, osewera odziwa salowa ndi makadi ofanana pa mipando yonse. Makadi awiri oyamba angabwere m'njira 1,326. Wokhala pa UTG ali ndi anthu asanu kumbuyo kwake amene sanalankhule, choncho amangolowa ndi makadi abwino okhaokha, pafupifupi 15 kapena 18 pa 100 alionse, kunena kuti njira 200 kapena kupitirira pang'ono. Wokhala pa button, ngati onse a patsogolo pake ataya, watsala ndi anthu awiri okha, ndipo flop ikatuluka onsewo adzalankhula iye asanalankhule. Iye amalowa ndi 40 mpaka 45 pa 100, njira pafupifupi 600. Tsopano taonani chimene chimachitika ndi makadi amphamvu. Awiri ofanana, monga A ndi A, angabwere m'njira 6. Kuyambira 10-10 mpaka A-A pali mitundu isanu, ndiye njira 30. Pa njira 200 za UTG, 30 ndi 15 pa 100. Pa njira 600 za button, 30 yomweyo ndi 5 pa 100 basi. Munthu ndi yemweyo, dzina ndi lomwelo pa kompyuta, koma zimene angakhale atanyamula pofika pa flop n'zosiyana kutalitali.

Manambala awiri oyamba pa HUD amakamba za gawo limeneli. VPIP imasonyeza kuti pa magemu 100 munthu amaika ndalama mwa kufuna kwake kangati flop isanatuluke. PFR imasonyeza kuti mwa maulendo amenewo ndi angati amene analowa ndi raise. Wosewera wolongosoka pa tebulo la anthu 6 amakhala cha m'ma 22 mpaka 27 pa VPIP, ndipo PFR yake imatsalira pang'ono. Mukaona 45 ndi 8, ameneyo amalowa ndi chilichonse ndipo amangotsatira. Awa ndi manambala amene amakhazikika msanga chifukwa gemu iliyonse imawerengedwa. Sindichedwapo, poti nkhani yathu yagona pa zochitika flop itatuluka.

Pali chiwerengero chimodzi chimene chimalamulira zonse za pa flop. Ngati makadi anu awiri si ofanana, mwayi woti limodzi la iwo lipeze linzake pa flop ndi pafupifupi 32 pa 100. Kawiri pa katatu kalikonse simupeza kanthu. Mnzanunso chimodzimodzi. Ndiye maulendo ambiri anthu awiri amayang'anizana pa flop onse alibe chogwirika, ndipo mulu umapita kwa amene walimba mtima kubetcha. Apa ndi pamene panabadwira c-bet, kubetcha kopitiriza: munthu amene anachita raise flop isanatuluke amabetchanso pa flop, kaya wapeza kaya sanapeze, popeza anaonetsa kale mphamvu.

Tiyeni tiike ndalama za kwathu kuti zimveke. Tiyerekeze kuti small blind ndi K100 ndipo big blind ndi K200. Wa pa button wakweza kufika K500. Small blind wataya. Big blind akufunika kuwonjezera K300 yokha kuti aone flop, ndipo akatero mulu ukhala K1,100. Akulipira 300 pa 1,100, kapena kuti 27 pa 100, mtengo wotsika, n'chifukwa chake big blind amatsatira ndi makadi ambiri ofooka amene sakanalowa nawo pa mpando wina. Flop yatuluka, big blind wadutsa, button wabetcha K550, theka la mulu. Ngakhale button atakhala wopanda kanthu, kubetcha kumeneku kumabweza ndalama yake ngati mnzakeyo amataya kamodzi pa katatu, chifukwa akuika 550 kuti atenge 1,100. Akabetcha gawo limodzi la magawo atatu a mulu, akufunika mnzakeyo azitaya 25 pa 100. Akabetcha mulu wonse, 50 pa 100.

Nambala yotchedwa fold to c-bet imakuuzani kuti munthu amataya kangati akakumana ndi kubetcha kotereku. Ngati big blind ameneyu amataya 60 pa 100, werengani nokha: maulendo 60 button akutenga K1,100, maulendo 40 akutaya K550. Pa ulendo uliwonse akupindula K440, tisanawerengere n'komwe maulendo amene khadi la turn lingamuthandize. Koma ngati big blind amataya 30 pa 100 yokha, kubetcha kopanda kanthu komweko kumaluza K55 ulendo uliwonse. Choncho pa munthu woyambayo mumabetcha pafupifupi flop iliyonse, pa wachiwiriyo mumadikira mutapeza kanthu ndipo mumamulipiritsa kwambiri.

Mpaka apa n'zosavuta. Povuta ndi poti nambala imene imaoneka pa kabokosi kaja ndi yosakaniza. Yaphatikiza maulendo amene munthuyo anali pa big blind ndi makadi ofooka, akulankhula poyamba, ndi maulendo amene anali pa button atatsatira raise ya cutoff ndi makadi osankhidwa bwino, akulankhula pomaliza. Pa big blind, kutaya 45 pa 100 sikodabwitsa konse, poti analowa ndi zinthu zambiri zosathandiza chifukwa cha mtengo wotsika uja. Pa button, kutaya 45 pa 100 kukusonyeza munthu amene sakugwiritsa ntchito mpando wake, chifukwa kumeneko ali ndi makadi abwinopo komanso mwayi woona chimene mnzake achite pa turn. Mukangoona 45 osafunsa kuti wachokera pa mpando uti, simunadziwe kanthu.

N'chimodzimodzi ndi c-bet yeniyeniyo. Tengani osewera awiri, onse kabokosi kakuti 60. Woyamba amabetcha 75 pa 100 akakhala womaliza kulankhula, ndipo 40 pa 100 akakhala woyamba. Wachiwiri amabetcha 50 pa 100 akakhala womaliza, 75 pa 100 akakhala woyamba. Mukaphatikiza, onse amafika cha pa 60. Koma woyambayo akumvetsa masewerawa, ndipo wachiwiriyo akuchita zinthu mozondoka. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wachita raise pa cutoff n'kutsatiridwa ndi button sali pabwino ngati amene wachita raise pa button n'kutsatiridwa ndi big blind. Button sanakakamizidwe kulowa, sanapatsidwe mtengo wotsika, ndiye zimene wanyamula n'zabwino: awiri ofanana apakatikati monga 8-8 ndi 9-9, makadi otsatizana a mtundu umodzi monga J-10, ndi zina zotero. Kubetchera munthu wotere flop iliyonse, iwe ukulankhula poyamba, ndi kudzitchera msampha. Ndiye mukapeza wosewera amene c-bet yake ili pamwamba pamene iye ndi woyamba kulankhula, dziwani kuti maulendo ambiri alibe kanthu, ndiponso kuti akadutsa ndiye kuti wagonjeratu, popeza zabwino zonse amabetcha nazo. Mukhoza kumutsatira pa flop ndi makadi ochepa mphamvu n'kumulanda mulu pa turn akangodutsa. Osewera amatcha kachitidwe kameneka float.

Makadi atatu amene agona pakati nawonso ali ndi mbali imene amakondera, ndipo mbaliyo imadziwika ndi mipando. Flop ya K-7-2 ya mitundu itatu yosiyana imakomera amene anachita raise. Iye angakhale ndi A-A, K-K kapena A-K, pamene big blind akanakhala ndi zimenezo akanakwezanso flop isanatuluke m'malo mongotsatira. Pa flop yotere c-bet yaing'ono ndi pafupifupi makadi onse ndi yoyenera, ndipo kuiona sikukuuzani zambiri za munthuyo. Koma flop ya 7-6-5 ndi ya big blind. Iye ndiye amasunga 8-9, 8-4 za mtundu umodzi, 7-6, 6-5, zimene pa flop imeneyi zimapanga makadi asanu otsatizana kapena mapeyala awiri, ndipo UTG sangalowe nazo kawirikawiri. Wa pa UTG akabetcha flop ya 7-6-5 kangapo konse motsatizana, mwaphunzira chinthu chachikulu kuposa chimene nambala yonse ya c-bet ingakuuzeni: sayang'ana makadi a pakati, amangobetcha chifukwa anachita raise. Munthu wotere ndiye woyenera check-raise, kumene ndi kudutsa dala kenako n'kukweza iye akabetcha.

Mbali inayo, nambala ya check-raise ya mnzanu iwerengedwe pamene iye si womaliza kulankhula, makamaka pa big blind ndi small blind, chifukwa womaliza kulankhula sangachite zimenezi. Ngati munthu wakumana ndi c-bet maulendo ochuluka ali pa big blind ndipo wachita check-raise katatu kapena kanayi pa 100, tsiku limene adzakuchiteni musakayike: ali ndi atatu ofanana kapena mapeyala awiri. Ngakhale mutanyamula A-K pa flop ya K, lingalirani zotaya. Amene amachita 15 pa 100 kapena kuposerapo amasakanizamo makadi amene akudikira kukwanira, monga anayi a mtundu umodzi amene akufuna lachisanu, omwe mwayi wake wokwanira pofika pa river ndi pafupifupi 35 pa 100. Kwa ameneyu A-K yanu ikadali yamphamvu.

Ndiyenera kutchulanso za chiwerengero cha anthu amene afika pa flop, chifukwa pa matebulo a ndalama zochepa, komanso pa magemu a pakhonde, kawirikawiri amafika atatu kapena anayi. Ngati aliyense wa anthu awiri amataya theka la nthawi, mwayi woti onse ataye pamodzi ndi pafupifupi kamodzi pa kanayi. Kubetcha kopanda kanthu kumene kunali ndi phindu pa munthu mmodzi kwasanduka chitayiko. Mapulogalamu aja amalola kupatula magemu a anthu awiri ndi a anthu ambiri, ndipo nambala yosapatulidwa imanamiza.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri pa nkhaniyi ndi kuwerenga manambala awiriawiri, wa pa flop ndi wa pa turn, poti ndi pamene maganizo a munthu amaonekera. Wina amabetcha flop 75 pa 100 koma turn 30 pa 100. Ameneyu amawombera kamodzi n'kusiya. Mukamutsatira pa flop, turn adzakuuzani yekha ngati ali ndi kanthu. Wina amabetcha flop 45 pa 100 koma turn 70 pa 100. Ameneyu amayamba ndi zogwirika, ndipo akayamba sabwerera, choncho kumutsatira ndi makadi apakatikati n'kudziika pa ulendo wodula. Kumbali ya wotsatira, wina sataya pa flop koma amataya kwambiri pa turn. Ameneyu amafuna kubetcheredwa kawiri, ndipo kubetcha kamodzi n'kusiya ndi kum'patsa mulu. Koma apanso funsani za mpando. Wowombera kamodzi uja, kodi amasiya pa turn chifukwa ndi woyamba kulankhula ndipo akuopa, kapena amasiyanso ali pa button? Ngati ali pa button, kudutsa kwake pa turn sikugonja nthawi zonse. Mwina akusunga makadi apakatikati kuti akafike nawo pa river motchipa, ndipo mukamubetchera pa river akutsatirani.

Palinso WTSD, yomwe imasonyeza kuti munthu akaona flop amafika kangati poonetsana makadi. Osewera ambiri olongosoka amakhala pakati pa 25 ndi 30 pa 100. Wopitirira 35 ndi wosataya, musamunamize, ingomulipiritsani. Inzake ndi W$SD, imene imanena kuti akafika kumeneko amapambana kangati. Nambala yotchedwa AF imagawa maulendo a bet ndi raise ndi maulendo a call, koma ili ndi chilema choti siwerengera check ndi fold, moti munthu wamantha amene amataya nthawi zambiri n'kumangobetcha akapeza zazikulu amaoneka ngati wolusa. Ine sindiikhulupirira payokha.

Tsopano tifike pa vuto limene kugawa manambala m'mipando kumabweretsa, ndipo ndi vuto lenileni. Mukagawa, chiwerengero chimachepa. Tiyerekeze kuti mwasewera magemu 600 ndi munthu wina, zomwe zimamveka zambiri. Pa button wakhalapo maulendo 100. Mwa amenewo, tinene kuti onse a patsogolo anataya ndipo iye anachita raise maulendo 25. Mwa 25 amenewo, ena ma blind anataya, ena anamukwezanso, ndipo tinene kuti 10 ndi amene anafika pa flop atatsatiridwa. Ndiye c-bet yake ya pa button yachokera pa maulendo 10. Ngati wabetcha 6, kabokosi kalemba 60, koma masamu a mwayi amati chizolowezi chake chenicheni chikhoza kukhala paliponse kuyambira cha pa 30 mpaka cha pa 85. Pa maulendo 100, 60 yemweyo amatanthauza pakati pa 50 ndi 70. Kuti mufike pophonya ndi 5 yekha mbali iliyonse pamafunika maulendo 400. Kuchepetsa kuphonya ndi theka kumafuna maulendo ochuluka kanayi. Za pa turn zimachedwa kuposa apa, ndipo za pa river zimafuna magemu zikwizikwi.

Ndiye pali kukokanakokana. Nambala yosakaniza ili ndi maulendo ambiri koma tanthauzo lake n'losokonekera. Nambala ya mpando umodzi ili ndi tanthauzo lomveka koma maulendo ake ndi ochepa. Njira imene ndimaiona yanzeru ndi kugawa pawiri pokha poyamba: pamene munthuyo ali womaliza kulankhula, ndi pamene ali woyamba. Kugawa kumeneku kumagwira mbali yaikulu ya kusiyana kuja popanda kuphwanya chiwerengero kasanu ndi kamodzi. Magemu akachuluka, patulani mikangano imene imabwera pafupipafupi, makamaka button ndi big blind, komanso small blind ndi big blind. Ndipo nthawi zonse yambani ndi zimene anthu ambiri a pa tebulo la mtengo umenewo amachita, kenako muzisuntha pang'onopang'ono malinga ndi umboni. Munthu akataya kanayi pa maulendo asanu, musanene kuti amataya 80 pa 100. Nenani kuti mwina amataya kuposa anzake, ndipo onjezerani kubetcha pang'ono. Manambala amene amakhazikika msanga amathandizanso kulosera ochedwa: wa VPIP 45 amafika pa flop ndi zofooka zambiri pa mpando uliwonse, ndiye kaya azitaya kwambiri kaya azitsatira ndi zopanda pake, ndipo maulendo ochepa chabe amakwanira kukuonetsani kuti ali mbali iti.

Ena amafunsa ngati zonsezi zikadali ndi ntchito makompyuta atafika pamene afikapa. Mu 2017 pulogalamu yotchedwa Libratus, yopangidwa ndi Tuomas Sandholm ndi Noam Brown a ku Carnegie Mellon University, inagonjetsa akatswiri anayi pa magemu 120,000 mumzinda wa Pittsburgh. Mu 2019 inzake Pluribus inapambana pa tebulo la anthu 6. Mapulogalamu ophunzirira monga PioSOLVER amaonetsa kaseweredwe kamene munthu sangakapezerere, ndipo ndi amene anatsimikizira zambiri zimene tanenazi, kuti wolankhula poyamba ayenera kudutsa kawirikawiri ndiponso kuti kukula kwa c-bet kuzitsatira makadi a pakati. Koma kaseweredwe kosapezerereka ndi muyeso chabe. Ntchito ya manambala a mnzanu ndi kukuonetsani kuti iye wapatuka pati pa muyesowo, ndipo muyesowo umasiyana mpando ndi mpando.

Pa nkhani ya ndalama sindikufuna kubisa mawu, chifukwa ndikudziwa kuti ena owerenga ndi achinyamata amene K5,000 ndi ndiwo za masiku angapo pakhomo. Poker ya ndalama ndi njuga. Kwa abale athu Asilamu, amene ndi ochuluka m'boma lino, chipembedzo chimaletsa, ndipo mipingo yambiri imaletsanso. Malamulo a dziko, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, salola mwana wosakwana zaka 18. Kupatula apo, masamu omwewa amachenjeza. Mwini tebulo amadula kachigawo pa mulu uliwonse, kotchedwa rake, choncho ndalama zogawana zimakhala zochepa kuposa zimene osewera aika, ndipo ambiri amaluza. Ngakhale katswiri amaluza pa mipando iwiri ya blind. Amabweza pa cutoff ndi pa button. Wosewera wabwino amene amapindula ndalama zokwana ma big blind 5 pa magemu 100 alionse, ndi kukwera ndi kutsika kumene kumachitika pa matebulo a anthu 6, ali ndi mwayi pafupifupi 3 pa 10 wokhala ataluza pambuyo pa magemu 10,000. Ameneyo ndi wodziwa. Kuphunzira kuwerenga anthu sikufuna ndalama: zitsekerero za mabotolo kapena nyemba zimakwanira, ndipo pa foni pali matebulo a ndalama zongoyerekeza.

Ambiri kuno sadzagwiritsa ntchito HUD n'komwe. Mapulogalamu aja amafuna kompyuta, ndipo makampani ena anawaletsa: partypoker inatero mu 2019, pamene GGPoker salola ochokera kunja ndipo amapereka kabokosi kawokawo ka manambala ochepa. Koma kope la sukulu ndi cholembera zimagwira ntchito, makamaka ngati mumasewera ndi anthu omwewo sabata ndi sabata. Munthu aliyense m'patseni tsamba lake, muligawe pakati, mbali ina womaliza kulankhula, mbali ina woyamba. Pansi pake muzingoika timizere: anabetcha flop kapena anadutsa, anataya kapena anatsatira, anapitiriza pa turn kapena anasiya. Lembani nambala zonse ziwiri, 6 pa 10, osati 60, kuti kuchepa kwa umboni kuzionekera nthawi zonse.

Ndipo makadi akaonetsedwa kumapeto, lembani gemu yonseyo, ngakhale inu simunalimo. Kuonetsana kumodzi kumanena zambiri kuposa timizere makumi awiri. Mukaona munthu wa pa UTG atatsegula ndi K-8 za mitundu yosiyana, mwadziwa kuti pa mpando umenewo salowa ndi njira 200 zokha, ndipo c-bet yake ya kumeneko muyenera kuiwerenganso mwatsopano. Mukaona wa pa big blind atangotsatira flop, turn ndi river ali ndi atatu ofanana osakweza ngakhale kamodzi, ndiye kuti call yake si chizindikiro cha kufooka, ndipo pa river muzim'betchera ndi makadi olimba kuposa amene mungabetchere nawo wina.